Makalata 14 a Lachitatu ku Moatize

Ndakhala mu ofesi yoona za antchito kuyambira 2012, pa kampani ina yokonza magalimoto akuluakulu a m'migodi ya malasha kuno ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ndinkadziyesa munthu wozolowera kupereka makalata ochotsa anthu ntchito. Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda monga mwa masiku onse: kuwerengera maola owonjezera ndi kukangana ndi akugalaja za nsapato zogwirira ntchito zimene takhala tikuyembekezera miyezi itatu. Lachiwiri madzulo kunabwera mayina 14 kuchokera kwa abwana, onse ndi chifukwa chimodzi, chakuti mtengo wa malasha watsika ndipo kontirato yathu yachepetsedwa.

Chifukwa chimenecho sindichitsutsa, pakuti ndachiona chikubwera ndi kupita. Pamene kampani ya migodi ya Vale inayamba kutulutsa malasha mu 2011, anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Angónia, ku Tsangano, ku Malawi ndi ku Zimbabwe, moti kachipinda kopanda madzi kankachita kulimbirana. Chaka chomwecho kampani ina ya migodi, Rio Tinto, inalipira pafupifupi madola 4 biliyoni kugula kampani imene inali ndi mgodi wa Benga, koma mu 2014 inagulitsa migodi yake ya kuno pa madola 50 miliyoni okha. Mu 2016 nkhani ya ngongole zobisika za boma itaululika, dola imene tinkagula ndi meticais pafupifupi 30 zaka ziwiri m'mbuyomo inadutsa 70. Mu 2022 Vale inasiyira kampani ya Vulcan mgodi wake, nkhondo ya ku Ukraine inakweza mtengo, ndipo ife tinalembanso anthu mothamanga, ambiri pa kontirato zazifupi, podziwa kuti tsiku lowachotsa lidzafika.

Munthu wachisanu ndi chiwiri kulowa mu ofesi Lachitatu anali makaniko wachikulire wa ku Ulongué, amene anasiya munda wake wa kachewere m'manja mwa mkazi wake pa nthawi imene malasha ankaoneka ngati sadzatha. Tinawachotsapo kale mu 2015, ndipo tinawaitananso zinthu zitayamba kuyenda, chifukwa palibe wina pagalaja amene amamva vuto la injini ndi khutu lokha monga iwo. Sanakwiye, ndipo kalatayo sanaiwerenge n'komwe. Anaipinda bwinobwino, kenaka anati, "Mwanangu, izi si zachilendo. Ingondipatsani pepala losonyeza miyezi yanga ya ku INSS, chifukwa zaka 60 zayandikira, ndikufuna ndidziwe pamene ndaima."

Anzanga a ntchito ngati yanga mukudziwa kuti imeneyi ndi ntchito ya mphindi zisanu. Ndinatsegula kompyuta iwo atakhala pomwepo, chipewa chili pabondo, ndipo ndinapeza kuti miyezi 11 palibe chimene chinatumizidwa ku INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni. Pa mapepala awo a malipiro, 3 peresenti ya wantchito inadulidwa mwezi uliwonse mosaphonya, koma ndalamayo, pamodzi ndi 4 peresenti ya kampani, sinafike kumene inayenera kupita. Mapepala onsewo ali ndi siginecha yanga. Ndinayang'ananso mayina ena 13 aja, ndipo onse anali chimodzimodzi. Nditayang'ana dzina langa, nalonso linali momwemo. Ndinawauza kuti, "Bambo, mundipatse masiku awiri, pali zina zofunika kukonza," ndipo mmene anandiyang'anira ndinadziwa kuti azindikira kale chimene ndinkachita manyazi kutchula.

Lachinayi ndinapita kwa abwana ndi mapepala onse. Yankho lawo linali lakuti ndalama zinavuta, anayamba ndi mafuta ndi zipangizo, ndipo zotsalazo adzalipira mtengo wa malasha ukakwera. Apa ndi pamene mtima wanga unawawa, chifukwa mtengo wa malasha umakhazikitsidwa kutali, ndi mafakitale a zitsulo a ku India ndi ku China, ndipo palibe wa ku Tete amene angaugwire. Koma ndalama yodulidwa pa malipiro a munthu si ya kampani, ndipo kuisunga m'thumba la mafuta sikunalamulidwe ndi msika uliwonse. Komanso miyezi ina mwa 11 ija inali ya nthawi imene ntchito inali yochuluka, amakaniko akugona pagalaja. Nditanena zimenezi ndinakumbutsidwa, mwaulemu ndithu, kuti nanenso ndili pa kontirato.

Lachisanu m'mawa pageti panali achinyamata oposa 20 atanyamula maenvelopu, ena omaliza maphunziro a zamigodi amene anawayamba poona kuti kuno kuli tsogolo. Mlonda amalandira maenvelopuwo ndi kuwaika m'katoni, ndipo katoniyo imakhala pansi pa tebulo langa. Masana ndinasindikiza mapepala a malipiro a anthu 14 aja, mwezi ndi mwezi, ndinadinda chidindo pa lililonse, ndipo ndinawafotokozera kumene kuli ofesi yoyendera za ntchito mumzinda wa Tete, ngakhale kuti zimenezi sindinauzidwe ndi aliyense. Bambo aja anaika mapepala awo m'jumbo kuopa fumbi, nandiuza kuti akwera chapa (minibasi) ya Loweruka m'mamawa, chifukwa akufuna kukafika ku Ulongué mbewu ya kachewere isanakwere mtengo.