Ku Chamonix makilomita ndi abodza

Abale, zikhadabo ziwiri za kuphazi zada bii ndipo chimodzi chayamba kale kugwedera, ndiye ndati ndilembe izi ululu usanathe chifukwa ndimadzidziwa, pakangotha mwezi ndiyamba kukuuzani kuti zonse zinali zofewa.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti chibwerereni kuno ku UK ndakhala ndikuthamanga, poyamba kunali kungofuna kuphwetsa kamimba ka mashifiti ausiku koma kenako zinandilowerera. Hafu marathoni ndathamangapo katatu, pa tala, ndipo ndinkadzimva udolo ndithu. Ndiye alamu anga atati tiyeni ku France mu July tikathamange m'mapiri ine ndinangoti tiyeni alamu, mwana wobadwira m'munsi mwa phiri la Mulanje angaope chitunda? Viza ya Schengen inatidyera nthawi yake, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma mapeto ake tinakwera ndege mpaka Geneva, kenako basi ola limodzi ndi kanthu, tafika.

Chamonix ndi chigwa chachitali koma chopapatiza, pakati pakudutsa mtsinje wa Arve umene madzi ake ndi otuwa ngati wina watsukiramo wilibala ya simenti, chifukwa amachokera ku ayezi wa m'mwambamo amene amapera miyala mpaka kukhala fumbi. Tawuni ili pa mamita 1,035, pafupifupi chimodzimodzi ndi Blantyre. Mbali imodzi kuli Mont Blanc, mamita 4,800 ndi kanthu, woyera mbee ngakhale mu July, ndipo kuti mumvetse kumbukirani kuti Sapitwa wathu amene timamupatsa ulemu uja ndi 3,002. Mbali inayo kuli mapiri a miyala yofiirira otchedwa Aiguilles Rouges. Tinjira tambiri timayenda chopingasa m'mbali mwa mapiriwa ndipo eni ake amati balcon, ndiye kuti khonde. Kuli Balcon Sud mbali yowomba dzuwa, ndi Balcon Nord mbali ya Mont Blanc. Ukafuna kumuona bwino mkuluyo usakwere mbali yake, udzangoona mitengo ndi miyala pamphuno pako, kwera mbali inayo umuyang'ane maso ndi maso.

Chinthu choyamba chimene chinandidabwitsa ndi zikwangwani. Sizikuuza makilomita ayi, zimakuuza maola. Ine ndinaseka, ndati awa ndi maola a agogo oyenda ndi ndodo, ife tigawa pakati. Mhm.

Tsiku loyamba tinayamba ndi Petit Balcon Sud, khonde la m'munsi, ndipo apa ndinalibe dandaulo. Kanjira ka m'nkhalango, mthunzi, fungo la paini ngati uli ku Zomba, kukwera mamita ngati 300 mpaka pa kanyumba kotchedwa La Floria komwe anakazinga ndi maluwa mbali zonse, umakhala pansi kumwa kanthu kozizira uku ukuyang'ana phiri. Mtengo wa kanthuko ndisanene, tsiku lomwelo ndinasiya kusintha ma euro kupita ku makwacha m'mutu chifukwa ndikanadwala BP. Ngati mukupita koyamba yambirani pamenepa, mutha kupitirira mpaka Argentière n'kubwerera pa sitima, ndipo kumene mukugona afunseni kakhadi ka alendo kamene amati carte d'hôte, timakwera nako sitima ya m'chigwamo osalipira.

Tsiku lachiwiri ndi limene ndinadziwa kuti makilomita kuno ndi abodza. Kuli njira ina amati Kilomètre Vertical, imayambira pa tchalitchi pakati pa tawuni n'kukathera ku Planpraz pa mamita 2,000. Utali wake ndi makilomita 3.8 basi. Ine pa tala makilomita anayi ndi mphindi 20, ndiye ndinauza alamu kuti tikamwera tiyi pamwamba. Koma m'makilomita ochepawo umakwera mamita 1,000, poyamba msewu wotsetsereka umene ngakhale galimoto imalira, kenako kanjira kokhotakhota pansi penipeni pa zingwe za timagalimoto ta m'mwamba tija, anthu ali phee m'katimo akukujambula iwe uli wefuwefu manja pa maondo. Chakumapeto kulibenso zothamanga, ukugwira zingwe zachitsulo zokhomerera m'thanthwe, kuponda pa tizitsulo, kukwawa ngati buluzi. Akatswiri pa mpikisano wa kumapeto kwa June amamaliza mphindi zosakwana 40. Ine wotchi inati ola limodzi ndi mphindi 38, ndipo pamene ndinathamangadi sipakwana mphindi zisanu. Alamu anandipeza nditakhala pa mwala anangoti "tiyi uja bwanji achimwene" ine osayankha.

Kuchokera pa Planpraz kupita ku La Flégère ndiye Grand Balcon Sud, makilomita asanu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kunena zoona apa ndi pamene ndalama ya ndege inabwerera. Njira siikwera kwambiri, umathamangadi, kumanja kwako chigwa chonse chili pansi ngati mapu ndipo kutsidya mapiri osongoka ngati mano a macheka ali ndandanda. Vuto ndi lakuti maso amafuna kumwamba pamene mapazi akufuna uyang'ane pansi, ndinapunthwa kawiri. Tinabwerera pa kagalimoto ka pachingwe, ndipo pano ndikuona kuti kameneka ndi kamene kanandipusitsa, chifukwa ndinagona ndikuganiza kuti chovuta m'phiri ndi kukwera basi.

Tsiku lachitatu tinati tipite ku Lac Blanc, kanyanja kali pa mamita 2,352. Sitima mpaka Montroc, kuyenda pang'ono kufika pa kamudzi ka Tré-le-Champ, kenako chikweza. Njira imeneyi ili ndi makwerero achitsulo okhomedwa m'thanthwe pafupi ndi mwala wosongoka wotchedwa Aiguillette d'Argentière, ena aatali ndithu, ndipo ngati muli ndi chizungulire cha malo okwera dzerani njira ya ku Col des Montets, palibe amene akupatseni mendulo chifukwa cha makwerero. Pamwamba pake tinakumana ndi mbuzi zam'tchire za nyanga zikuluzikulu zopindikira kumbuyo, amati bouquetin, imodzi itagona pakati pa njira ikubzikula osatilabadira n'komwe, tinachita kuilambalala ife. Malowa ndi otetezedwa kuyambira 1974 ndiye nyama zinazolowera kuti munthu alibe nazo ntchito. Kulinso tinyama tonenepa ngati mbira za m'mapanga kwathu zija, marmotte, timaimba likhweru tikakuona moti poyamba ndinatembenuka kuyesa wina akundiitana.

Pa Tête aux Vents pali mulu waukulu wa miyala, kenako timadziwe ta Chéserys mmene phiri lonse limaonekera m'madzi chadodolido, kenako Lac Blanc weniweniyo, chipale chidakali m'mphepete mu July, mphepo yake yobaya ngati chiperoni cha mu June. Pansi tinachoka titavala malaya okha, apa jekete inagwira ntchito, paja ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tinakhalitsa, zithunzi, buledi ndi tchizi, kucheza, zithunzi zina. Pofika pa La Flégère kagalimoto komaliza kanali katapita kalekale, ndipo wolakwa panalibe koma ife eni, nthawi yotsekera inalembedwa poonekera.

Ndiye kutsika wapansi. Kuchokera ku nyanja ija mpaka m'tawuni ndi mamita 1,300 otsika okhaokha, ndipo ine ndinayamba ngati mwana wa sukulu akamva belu, masitepe akuluakulu, chidendene kutsogolo, kudziponya. Mphindi 20 zoyamba zinali zokoma. Kenako ntchafu zinayamba kunjenjemera zokha, chifukwa potsika minofu ya kutsogoloyi imagwira ntchito ya mabuleki, sitepe iliyonse ikulandira thupi lonse uku ikukokeka, ndipo pa tala paja sinaphunzirepo zimenezo. Zala zikugunda kutsogolo kwa nsapato, gu gu gu, nsapato zimene ndinagula zondikwana ndendende ngati za ku ukwati. M'nkhalango mizu ili yangeyange, miyala yoterera, ndinafika pomatsika chammbali ngati nkhanu nditagwira mitengo.

Pamenepo anatipitirira mayi wina, tsitsi lonse imvi, wamkulu kuposa mayi anga ondibereka, timitengo tiwiri m'manja, osamveka n'komwe kuponda kwake. Anandiyang'ana, kumwetulira, n'kuloza mapazi anga akuti "petits pas", alamu ndi amene amamvako Chifalansa anati akuti timasitepe ting'onoting'ono. Ndinamuyang'ana akutsika, maondo opinda pang'ono, thupi lopendekera kutsogolo osati kumbuyo, mapazi akungoti tapa tapa tapa mwachangu ngati pansi pakutentha, ndipo abale manyazi anandigwira chifukwa kayendedwe kameneka ndinakulira ndikukaona. Azimayi otsika ndi mitolo ya nkhuni ku Likhubula amayenda chonchi. Anyamata onyamula matabwa pamutu kuchokera ku Chambe amatsika chonchi, kathamangidwe kakang'ono kosaima, ena opanda nsapato. Pa mpikisano wa pa phiri la Mulanje wa Porters' Race timaima pansi kuwombera m'manja anthu amene akwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsika pa maola awiri ndi kanthu, ine n'kumati ndi mphamvu chabe zobadwa nazo. Sindinayambe ndayang'anapo mapazi awo. Ndachita kukwera ndege, kulipira viza, kuti gogo wa ku France andionetse zimene zinkadutsa kuseri kwa nyumba yathu m'mawa uliwonse.

Ndinayesa, ndipo zinathandizadi ngakhale ntchafu zinali zitapita kale. Chondipweteka china n'chakuti chitsikireni pa La Flégère kudzera pa La Floria paja ndi njira imene zaka zambiri othamanga mpikisano wa UTMB amamalizira. Mpikisano umenewu unayamba mu 2003, umachitika kumapeto kwa August, amazungulira Mont Blanc yense kudutsa France, Italy ndi Switzerland, makilomita pafupifupi 170 ndipo zokwera zonse ukaziphatikiza ndi mamita ngati 10,000. Kilian Jornet anawina kanayi ndipo mu 2022 anamaliza maola 20 asanakwane, Courtney Dauwalter anawina mu 2019, 2021 ndi 2023. Anthu wamba amapatsidwa maola 46 ndi kanthu, mausiku awiri osagona bwino. Ndiye pamene ine ndinkalira ndi mtengo m'manja, anzathu amadutsapo akuthamanga ali ndi makilomita 160 m'miyendo. Ndinawauza alamu kuti anthu amenewa akapimidwe.

Mawa lake sindinadzuke bwino koma mkuja wake ndiye zinanyanya, ululu wa mtunduwu umachedwa dala, masitepe a pa nyumba yogona ndinkatsika chafutambuyo nditagwira khoma. Tsiku lomaliza tinangoti tione mbali inayo mwaulemu, kukwera pachingwe mpaka Plan de l'Aiguille n'kuyenda Grand Balcon Nord kukafika ku Montenvers pa mamita 1,913. Njira yabwino, miyala yoyalidwa ngati pakhonde la mfumu, ndipo pa Signal Forbes ukangokhota umangoona mwala wosongoka wa Les Drus wati njo kutsogolo kwako. Pansi pake ndi Mer de Glace, mtsinje wa ayezi waukulu kuposa yonse mu France, koma ine ndinaona chigwa chodzaza miyala yotuwa, ayeziyo uchite kumufunafuna. Cha m'ma 1988 munthu ankatsika masitepe ochepa chabe kuti amukhudze, patapita zaka 30 anali oposa 500 chifukwa akusungunuka chaka ndi chaka. Sindinatsikeko, miyendo inakana, tinakwera kasitima kofiira ka ku Montenvers kubwerera m'tawuni mabingu atayamba kale kugunda kuseri, paja kumeneko mvula ya masana imabwera mwadzidzidzi ndiye nyamukani m'mamawa ndipo nambala yoimba pangozi ya 112 ikhale m'mutu.

Nsapato zija ndawapatsa alamu, iwo phazi lawo ndi laling'ono. Ndagula zina zokulirapo ndi theka la saizi, ndipo December ndikubwera kumudzi, ndawauza kale achimwene anga aakulu kuti andipezere mnyamata mmodzi wa ku Likhubula woti ndizimutsatira pambuyo potsika njira ya Skyline yochokera ku Chambe. Anandifunsa kuti ndimulipira kuti anyamule chani, ndati palibe, azingotsika basi ine ndizimuyang'ana mapazi. Foni inakhala kaye zii, kenako anaitana akazi awo kuti adzamve.