Chifukwa chake khoma la LED limafuna injini ya magemu

Sabata ino m'pamene mutu wanga wamasuka pa funso limene lakhala likundisowetsa mtendere chiyambireni kuphunzira kajambulidwe katsopano ka mafilimu: n'chifukwa chiyani opanga mafilimu amafuna injini ya magemu, pulogalamu ya pakompyuta yopangira ndi kuyendetsera magemu, pomwe akanatha kungoonetsa kanema wamba kumbuyo kwa ochita sewero? Za nsalu yobiriwira, imene amaipachika kumbuyo kwa ochita sewero kuti pambuyo pake kompyuta iikepo malo ena, sindinenapo, poti anzanga amene tikuphunzira zinthuzi mukudziwa kale mmene kubiriwirako kumakakamirira pa tsitsi ndi pa zovala zonyezimira. Kuonetsa kanema kumbuyo kwa munthu nakonso si kwachilendo, chifukwa ku Hollywood ankachita zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1930, makamaka pojambula anthu okhala m'galimoto yoima ngati kuti ikuyenda.

Chimene ndamvetsa tsopano n'chakuti khoma la LED, chisikirini chachikulu chimene amachiimika kumbuyo kwa ochita sewero, silionetsa chithunzi chojambulidwa kale. Pa kamera amamangirirapo tizipangizo timene timauza kompyuta pamene kamerayo ili ndi kumene yaloza, ndipo mkati mwa injini muli kamera ina yongoyerekezera yomwe imatsatira kusuntha kulikonse kwa kamera yeniyeniyo. Wojambula akasendera kumanzere pang'ono, injini imawerengera mmene malo onse ayenera kuonekera kuchokera pamene wafikapo, n'kupanga chithunzi chatsopano nthawi yomweyo. Filimu imayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi, kotero kompyuta imakhala ndi kanthawi kosakwana mamilisekondi 42 kuti imalize chithunzi chilichonse. Mapulogalamu ozolowereka opangira zithunzi za mafilimu amatha kutenga maola pa chithunzi chimodzi chokha, pomwe injini ya magemu inapangidwira kuyankha msanga, chifukwa wosewera gemu akatembenuka sadikira.

Akatswiri amachitchula kuti parallax chinthu chimene chikusakidwa pamenepa, ndipo aliyense amene anakwerapo minibasi kuchoka pa Chitakale kulowera ku Muloza anachiona kale ndi maso ake. Tiyi wa m'mphepete mwa msewu amathamangira m'mbuyo mwaliwiro, mitengo ya bulugamu ya patsidya imayenda pang'onopang'ono, koma phiri la Mulanje limakhala ngati likukuperekezani. Ubongo umayeza kutalika kwa mtunda potengera kusiyana kumeneku. Mukaika kanema wamba pakhoma n'kusuntha kamera, zapafupi ndi zakutali zonse zimasunthira limodzi, ndipo woonera, ngakhale asadziwe chifukwa chake, amazindikira kuti kumbuyoko kuli chinthu chafulati. Injini imasunga malo athunthu okhala ndi kutsogolo ndi kumbuyo, n'chifukwa chake imatha kupatsa chinthu chilichonse liwiro loyenerana ndi kutalikira kwake.

Pamene mfundoyi inandilowa, zina zonse zinayamba kukhala m'malo mwake. Gawo la khoma limene kamera ikuliona, lomwe amalitchula kuti inner frustum, ndi lokhalo limene limasintha motsatira kamera, ndipo limayendayenda pakhomapo pamene kamera ikutembenuka. Mbali zotsalazo ntchito yake yaikulu ndi kuwalitsa ochita sewero ndi kuonekera pa zinthu zonyezimira. Munthu woimirira pambali amaona chithunzi chopotoka, chifukwa chinawerengeredwa diso limodzi lokha, la kamera. Sewero la The Mandalorian, lomwe linayamba kuonetsedwa mu 2019, ndi limene linatchukitsa njirayi: kampani ya Industrial Light & Magic inamanga khoma lozungulira madigiri 270, lotalika pafupifupi mamita 6, loyendetsedwa ndi Unreal Engine ya kampani ya Epic Games. Wosewera wamkulu m'sewerolo amavala chisoti ndi zovala zachitsulo zowala, zimene pansalu yobiriwira zikanabiriwira zonse, koma mkati mwa khomalo zinkaonetsa chipululu ndi thambo zomwe zinamuzungulira.

Apa m'pamenenso ndaonera malire a AI yopanga zithunzi, kutanthauza mapulogalamu amene amakupangirani okha chithunzi mukawalembera malangizo. Kuyambira mu 2022, pamene Stable Diffusion ndi Midjourney zinafika kwa anthu wamba, komanso pamene kampani ya OpenAI inaonetsa pulogalamu yopanga makanema ya Sora mu February 2024, ambiri akhala akunena kuti ntchito yomanga malo m'kompyuta yatha. Koma chimene mapulogalamu amenewa amapereka ndi chithunzi kapena kanema, osati malo amene kamera ingalowemo n'kuzungulira. Mwala wojambulidwa ndi AI ulibe kumbuyo. Komanso wotsogolera filimu akanena kuti tibwereze, dzuwa litsike pang'ono koma zina zonse zikhale chimodzimodzi, injini imachita zimenezo ndendende, pomwe pulogalamu ya AI kawirikawiri imasinthanso mtengo kapena denga limene simunalikhudze n'komwe. Malo enieni a AI ndawaona kuti ndi awiri: poyeserera maonekedwe filimu isanayambe kujambulidwa, ndi pa zinthu zakutali kwambiri monga mapiri ndi mitambo, zomwe sizisuntha kwenikweni kamera ikamayenda, moti chithunzi chafulati choimikidwa patali mkati mwa injini chimakwanira.

Pa zinthu zapafupi, ine ndagwa m'chikondi ndi njira ya photogrammetry, ndipo ndikunena mopanda mantha kuti wophunzira wa kwathu kuno akaidziwa bwino njira imeneyi, zina zonse akhoza kuzisiya kaye. Mumazungulira chinthu n'kumachijambula ndi foni, chithunzi chilichonse chikulowerana ndi chinzake, kenako pulogalamu ngati RealityScan imafananiza timadontho tofanana n'kuumba chinthucho. Ndinayesera pa mwala wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula, ndipo unatuluka ndi ming'alu yake, ndere zake zotuwa, ngakhalenso kamzere kamene madzi amalekezera nthawi ya dzinja. Chiperoni chimene anthu amadandaula nacho ndi mwayi pa ntchito imeneyi, chifukwa kukachita mitambo sipakhala mithunzi yakuthwa yomwe imamatirira pa chinthucho n'kusokoneza kuwala mukachiika mu injini. Masamba a tiyi okha ndi amene amakana, poti amanyezimira ndipo amagwedezeka ndi kamphepo kalikonse, choncho amatuluka ngati phala. Njira ya Gaussian splatting, yomwe inatuluka mu 2023, imagwira bwinoko zinthu zopyapyala zoterezi, koma mtima wanga udakali pa miyala.

Chimene chikundipweteka n'chakuti mfundo yaing'ono chonchi palibe mphunzitsi amene anayamba nayo. Maphunziro a pa intaneti amene ndikutsatira amayamba ndi mabatani: dinani apa, tsegulani apo, yatsani Lumen, yatsani Nanite, osanena kuti zonsezi zikuthetsa vuto lanji. Amaiwalanso kuti ena timaonera mavidiyo awo titatsitsa kaonekedwe kuti bandulo isathe msanga, moti timalemba ta pa sikirini timangooneka mbuu. Laputopu yanga imalira ngati ikufuna kuuluka pamene injini ikukonza ma shader, timapulogalamu towerengera mmene zinthu zionekere pa sikirini, ndipo magetsi akathima ili mkati mwa ntchitoyo, usiku wonsewo wapita. Mphunzitsi wina amene ndinamufunsa anangondiuza kuti masiku ano chofunika n'kudziwa kulembera AI malangizo abwino basi, yankho limene ndikuona kuti limachokera kwa munthu amene sanayesepo kusuntha kamera.

Komabe mawu ake sanandichoke m'mutu, chifukwa makampani akuyesetsa kale kuti AI izipanga zinthu za 3D ndi malo otheka kuyendamo, ndipo nkhani ya AI inali pakati pa madandaulo a alembi ndi ochita sewero a ku Hollywood pamene ananyanyala ntchito mu 2023. Ine khoma la LED ndilibe, ndili ndi TV ndi foni, ndipo nthawi yophunzira ndimaipeza madzulo okha ndikaweruka. Ndikulephera kusankha ngati miyezi ikubwerayi ndiithere pa kuumba malo ndi manja m'mapulogalamu a Blender ndi Unreal, kapena ndiike mtima pa kuwala ndi kayendetsedwe ka kamera n'kulola makina kuti aziumba okha. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zake, ndipo pakadali pano sindinaone imene ikuposa inzake.