Mpweya wa Hydrick ndi yankho la alamu anga

Tulo takana kubwera chifukwa cha mawu amene alamu anga ayankhula madzulo ano. Timaonera limodzi kanema wakale wa pulogalamu ya ku America yotchedwa That's My Line, wa mu 1981, momwe mnyamata wina dzina lake James Hydrick ankati amatha kutembenuza masamba a buku la manambala a telefoni ndi mphamvu ya maganizo okha. Poyamba tsamba linatembenukadi, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako James Randi, katswiri wa masewera ozimbaitsa maso amene ankafufuza anthu odzitama ndi mphamvu zachilendo, anamwaza tizidutswa topepuka ta styrofoam mozungulira bukulo, kuti ngati mnyamatayo ankauzira mpweya mobisa, tizidutswato tiuluke. Hydrick anayang'anitsitsa bukulo nthawi yaitali, akugwedeza manja, koma tsamba silinasunthe, ndipo anadandaula kuti kutentha kwa magetsi a m'situdiyo kwasokoneza zonse.

Alamu anangoti, "Alamu, mphamvu zoterezi zimathawa pakakhala munthu wokayikira." Ndinawafunsa mwaulemu kuti nanga tingadziwe bwanji kuti zilipo ngati zimaonekera pokhapokha palibe woyang'anitsitsa, koma anaseka n'kunena kuti sayansi sidziwa zonse. Zimenezo n'zoona, komabe pa nkhani iyi sipanafunike sayansi yozama, panangofunika tizidutswa tija basi. Chaka chomwecho Hydrick anavomera kwa mtolankhani Dan Korem kuti ankauziradi mpweya, luso limene analikulitsa ali m'ndende.

Ndinawauzanso za mphotho imene Randi analonjeza aliyense amene angasonyeze mphamvu zachilendo pa mayeso, imene inayamba ndi madola 1,000 mu 1964 n'kufika madola 1 miliyoni mu 1996. Wofuna ndalamazo ankagwirizana kaye ndi oyesa za mmene mayeso ayendere komanso chimene chitchedwe kupambana, kuti asadzapeze chonamizira pambuyo pake. Anthu oposa 1,000 anafunsira, ndipo mpaka mphothoyo inathetsedwa mu 2015 panalibe anaitenga. Alamu anati amphamvu enieni safuna ndalama.

Chimene chikundisautsa kwenikweni ndi nkhani ya Uri Geller, munthu amene anatchuka ponena kuti amapinda masipuni ndi mphamvu ya maganizo. Mu 1973 Johnny Carson, woyendetsa pulogalamu ya pa TV imene Geller anaitanidwako, yemwenso ankadziwa masewera ozimbaitsa maso, anatsatira malangizo a Randi n'kukonza yekha masipuni ndi zipangizo zina popanda anthu a Geller kuzikhudza. Geller analephera pamaso pa owonera onse, n'kunena kuti usiku umenewo sankamva mphamvu. Posakhalitsa anaitanidwa ku pulogalamu ina ya pa TV, ya Merv Griffin, ndipo mbiri yake inakula, chifukwa ambiri anaganiza kuti wachinyengo sangalephere choncho, ndiye kuti wolepherayo ndi weniweni. Kulephera kunasanduka umboni. Ndaganiza za yankho limene ndingapereke kwa munthu woganiza motero, ndipo mpaka pano sindinalipeze.