Amalume akuti ndipake penti wendy yanga

Tulo sitikubwera nde bola ndingolemba. Amalume anafika masana kuno ku Turffontein, ku Joni, titaweruka ku tchalitchi, tadya nsima, atuluka kukasamba m'manja nkungoima duu kuyang'ana khoma la wendy yanga, kanyumba ka matabwa kamene ndimakhalamo. Ndinadziwiratu kuti pali mawu. "Iwe mphwanga, chaka chachiwiri chino matabwa ali pamtunda chonchi, ukudikira chani? Okutobala ndi uyu, mvula ikubwera ndi matalala ake." Iwowa ndi penta, akhala akupaka nyumba za anthu ku Randburg ndi ku Fourways kwa zaka zambiri, akamanena za penti umamvetsera kaye.

Ndipo sakunama, khoma loyang'ana kumpoto lasintha. Nditangoigula wendy imeneyi matabwa anali achikasu, a paini, onunkhira utomoni, pano mbali imeneyo yachita mbuu ngati phulusa, ukakanda ndi chikhadabo pamatuluka timaulusi. Kum'mwera komwe dzuwa silifika kwenikweni kudakali bwinobwino. Akuti Joni ili pamwamba, mamita oposa 1,700, dzuwa lake limadya khungu la thabwa, mu Juni ndi Julayi mpweya umauma gwaa matabwa nkufota, mvula ikabwera afufumanso, ming'alu imayambira pamenepo.

Pulani yawo ndi yoti tikweche ndi sandipepa, tipake pulayimala wapinki uja wa matabwa, penti yoyambirira ija, kenako makoti awiri a penti yoyera, basi ndaiwalako zaka zingapo. Ine ndinati bwanji tingopaka mafuta a matabwa, Woodoc kapena linseed, oti amalowa mkati koma thabwa nkumaonekabe. Anapukusa mutu. "Mafuta amenewo mbali ya dzuwayi uzibwereza pafupifupi chaka ndi chaka, ndalama zake uli nazo?" Ndinawayankha kuti komatu amalume penti nayo madzi akalowera kunsonga kwa thabwa imatupa nkuyamba kusupuka, chinyezi chimatsekeredwa mkati thabwa nkumaola osaoneka, ndipo mukapaka kamodzi kubwerera kulibe pokhapokha kupala khoma lonse. Anavomera pang'ono, akuti nchifukwa chake nsonga ndi matabwa am'munsi timayamba kumata amenewo, anawerama mpaka kuona ngati njerwa zomwe wendy yakhalapo zikuitalikitsa ndi dothi chifukwa cha chiswe. Kenako akuti ngati penti sukuifuna paka oyilo wakuda wa galimoto ngati mmene timachitira ndi mitengo ya denga kumudzi. Zimenezo nde ndakana, ndimaphikira momwemu, fungo lake komanso tonse tikudziwa mmene nyumba za matabwa zimayakira kuno.

Mpaka apo tinkacheza bwino. Chandikhala pamtima ndi chomwe ananena akuvala jekete. "Anthu akumudzi akaona zithunzi aziti mwana wa mlongo wanga ku Joni akugona m'khola la nkhuku." Sanazinene mwachipongwe ayi, ndikudziwa amandifunira ulemu, iwo ndi amene anandilandira ku siteshoni ya Park Station ndili ndi kachikwama kamodzi. Koma zandilasa. Wendy imeneyi ndinagula ndi ndalama zanga za maganyu a m'magaden, malo okha ndi amene ndimalipira lendi, ndi chinthu choyamba chomwe ndinganene kuti nchanga mdziko muno.

Chomwe sindinawauze nchakuti bambo anga, mlamu wawo yemweyo, ankacheka matabwa ku Chikangawa. Ankabwera kunyumba malaya ali utuchi okhaokha, akununkhira paini, ndipo ankatha kutenga thabwa nkundiwerengera mizere yake, apa panali nthambi, apa mtengo unakula msanga. Madzulo ndikakhala pakhomo pano kutatentha tsiku lonse kafungo kaja kamamvekabe pang'ono, mfundo za matabwa apafupi ndi chitseko ndimazidziwa imodzi imodzi. Ndikaganiza zoti zonsezo zikhale pansi pa penti yoyera mtima umakana. Ndikanawafotokozera mwina akanamva, pakamwa panangolemera.

Komanso ndikaumirira nkulephera kugula mafuta chaka chamawa matabwa omwewo aola ndikuwaona, nde ndapulumutsa chani. Ndaganizako zopaka penti kumpoto ndi kumadzulo kokha, kukhomo kuno ndipake mafuta, kaya zioneka bwanji.

Atsanzika andisiyira bulashi ndi chitini cha pulayimala chotsala ku ntchito, chili pafupi ndi chitseko apa. Pa WhatsApp alemba kuti abwera Loweruka m'mawa ndi makwerero, ndawerenga koma sindinayankhe.