Makilo 15 a mpunga ku Santhe

Pa chinkhoswe cha mwana wa achimwene ku Santhe anandisankha kukhala wa zakudya, poti m'banja mwathu foni yosisita ndili nayo ndine ndekha. Usiku ndinafunsa kapulogalamu koyankha mafunso kaja kuti anthu 200 angadye mpunga wochuluka bwanji. Ndisanaphethire n'komwe, yankho linali litafika: makilo 15. Kanatifuniranso mwambo wabwino.

Azakhali atawona kathumba ka Kilombero kali pa njinga anagwira pakamwa. "Ambwana, umenewu ndi wolawa?" Ndinawalozera foni n'kunena kuti zinthu zinasintha, masiku ano tikuyendera sayansi.

Mpunga unatha akuchimuna asanasambe m'manja. Amayi a kumphika anapala mpaka makoko, ndipo mkulu wina wovala jekete anandiitana pambali n'kundifunsa monong'ona ngati kwathu kuno kunagwa njala. Tinapulumukira ufa wa azakhali, womwe anabisa m'chidebe chifukwa sanandikhulupirire chiyambire.

Madzulo mwana wa mlongo wanga wophunzira za kompyuta ku Zomba anatenga foniyo, akuseka mpaka misozi. "Malume, samu sanalakwe. Magalamu 75 a munthu mmodzi kuchulukitsa ndi 200 ndi makilo 15 ndithu. Koma 75 ameneyo munamuuza ndinu?"

Anati funso likachoka m'foni limapita ku makompyuta akuluakulu akutali, kumene limaduladulidwa n'kusandutsidwa manambala. Makina ena, monga Wolfram Alpha wa 2009, amayamba azindikira chimene chikufunsidwa, n'kutapa manambala m'nkhokwe yawo, kenako kuwerengera. Ena, a mtundu wa ChatGPT yemwe anatuluka mu 2022, anadyetsedwa zolemba zankhaninkhani, ndiye amalosera mawu oyenera kutsatira, limodzilimodzi, mpaka yankho lithe. Vuto lili pa zimene wofunsa sananene. Nthawi zambiri makinawo amangodzaza okha mpatawo ndi zomwe anakumana nazo kawirikawiri powerenga, ndipo zolemba zambirizo ndi za m'Chingelezi, za anthu oika mpunga pambali pa nyama ngati chokongoletsera mbale.

Ndiye kompyuta inaphikira anthu 200 a ku London, odya ndi foloko. Sinadziwe kuti mnyamata wochokera ku dimba amabwereza, kuti amayi amanyamulirako ana otsala kunyumba, komanso kuti ku Santhe zokuzira mawu zikangolira, mudzi woyandikana nawo umadziitana wokha. Anthu 200 aja anali a pa pepala basi.

Ndinalembanso funsolo, ulendo uno ndikufotokoza zonse, ngakhale za mkulu wa jekete. Kapulogalamu kaja kanapepesa mwaulemu woposa wa mkamwini, n'kukweza makilowo msangamsanga, koma mapoto anali atatsukidwa kale.

Komiti ya ukwati yakumana sabata yatha. Zakudya aziyang'anira azakhali. Ine andipatsa ntchito yotuta mabenchi ku tchalitchi, ndipo anenetsa kuti ndiwawerenge ndi chala.