Ulendo wathu wa ku Harpers Ferry pa tsiku la West Virginia

Gulu lathu la Amalawi okhala m'madera ozungulira Washington DC lidasankha dala kuyenda pa 20 Juni, tsiku limene anthu a ku West Virginia amakumbukira kubadwa kwa chigawo chawo. Pa 20 Juni 1863 m'pamene West Virginia idakhala chigawo cha nambala 35 cha dziko la America. Likulu lake, Charleston, lili kutali, choncho ife tidathera ku Harpers Ferry, katauni kakale ka kumalire a kum'mawa.

Pamalopa m'pamene mtsinje wa Shenandoah umathira mu Potomac. Ukaima pamathiriropo uli mu West Virginia, tsidya lina ndi Maryland, phiri la kudzanja lamanja ndi Virginia. Pafupifupi chigawo chonse ndi mapiri okhaokha a Appalachia, ndipo mapiri omwewa ndiwo adachititsa kuti chipatuke ku Virginia, komwe chidali poyamba. Kumapiri kunalibe minda ikuluikulu ya fodya yonga ya kum'mawa, kotero akapolo adali ochepa, ndipo anthu ankadandaula kuti malamulo ndi misonkho ya ku Richmond, likulu la Virginia, zimakomera eni akapolo. Virginia itavota pa 17 Epulo 1861 kuti ichoke mu mgwirizano wa America, a kumadzulo adasonkhana ku Wheeling n'kukana kutsatira. Pulezidenti wa America Abraham Lincoln adasayina lamulo lovomereza chigawo chatsopanochi pa 31 Disembala 1862.

Chidandiwawa mtima n'chakuti West Virginia idalowa mu mgwirizanowu ukapolo ukadalipo. Chimene adagwirizana n'chakuti ana obadwa kwa akapolo pambuyo pa 4 Julayi 1863 adzakhale mfulu, koma makolo awo akhalebe katundu wa munthu. Ukapolo udathetsedwa m'chigawochi pa 3 Febuluwale 1865. Tsiku lachikondwerero ngati ili, nkhani imeneyi iyenera kunenedwa mokweza pamodzi ndi zabwinozo.

Tidakhalitsa pa kanyumba ka njerwa kotchedwa John Brown's Fort. N'kakang'ono zedi, kokhala ndi zitseko zikuluzikulu zamatabwa ndi kansanja ka belu pamwamba, poti kale kankasunga zida zozimitsira moto. Usiku wa pa 16 Okutobala 1859 John Brown, mzungu wodana ndi ukapolo, adalowa m'tauniyi ndi kagulu ka azungu ndi anthu akuda kuti alande mfuti za boma n'kuzipereka kwa akapolo. Akapolo sadabwere monga ankayembekezera. Asilikali a boma otsogozedwa ndi Robert E. Lee adathyola chitseko cha kanyumbaka, momwe Brown adadzitsekera, pa 18 Okutobala, ndipo Brown adanyongedwa ku Charles Town pa 2 Disembala. Mu 1906, pamene kanyumbaka kadali katasamutsidwira kumunda wina wapafupi, W.E.B. Du Bois ndi anzake a Niagara Movement, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, adapitako m'mamawa, ndipo poyandikira adavula nsapato posonyeza ulemu.

Amayi ena achikulire a m'gulu lathu, amene adaphunzitsa nthawi yaitali kumudzi, adagwira khomalo n'kutembenukira kwa achinyamata. "Ana inu, mwamva? Kodi nkhani iyi sikukukumbutsani munthu wina?" Mnyamata wina adayankha mwamanyazi kuti, "A Chilembwe, amayi." Zoonadi, John Chilembwe adabwera kuno ndi Joseph Booth mu 1897, adaphunzira zaubusa ku Lynchburg ku Virginia, n'kubwerera kwathu mu 1900. Olemba mbiri ambiri amafanizira kuukira kwake kwa pa 23 Januwale 1915 ndi kwa Brown, chifukwa nayenso adatuma anthu ake kukalanda mfuti ku Mandala, nayenso zinthu sizidamuyendere.

Masana ena adakwera masitepe osemedwa m'thanthwe mpaka ku Jefferson Rock, ena adawoloka mlatho wa njanji kukaponda Maryland. Pobwerera a tcheya adafunsa za ulendo wotsatira, ndipo aliyense adati Lynchburg. Amene mukufuna kudzapita nawo, lembetsani mayina kwa a msungichuma kuti tidziwe kukula kwa basi yoti tibwereke.