Vinyo woyera wa 2021 tinamulawa asanakhwime

Kumalo odyera komwe ndimagwira ntchito ku Parkhurst, mumzinda wa Johannesburg, timalawa vinyo m'mawa makasitomala asanafike. Tsiku lina wogulitsa anabwera ndi mabotolo a vinyo woyera wa 2021, chaka chimene ku Cape, chigawo cholima mphesa ku South Africa, kunali kozizirirapo ndipo mphesa zinapsa mochedwa. Mphesa zikapsa pang'onopang'ono chonchi zimasunga kuwawasa kwake, ndiye vinyo amatha kukhala zaka zambiri osafooka.

Tinayamba ndi vinyo wa mphesa za mtundu wa Chenin Blanc wa ku Swartland, dera lina la ku Cape, wochokera ku mitengo ya mphesa yopitirira zaka 35. M'galasi anali wotuwa, kobiriwira pang'ono m'mbali. Fungo silinatuluke msanga mpaka nditazunguza galasi n'kulifunditsa m'manja, pamenepo ndiye kunamveka maapulo aawisi ndi khungu la ndimu. M'kamwa anali wowawasa ngati malambe, malovu kuchita kudzaza pansi pa lilime, ndipo kukoma kunatsalabe nditalavulira m'ndowa. Eetu timalavula, apo ayi nkhomaliro tingaipereke tikudzandira.

Mnzanga wa ku Mangochi anakwinya nkhope. "Achimwene, uyutu ngwosapsa." Ndinawauza kuti kuwawasa komwe kukuwanyansako ndi komwe kudzamusunge, vinyo wamng'ono wokoma lero ngati juwisi nthawi zambiri sachedwa kutha mphamvu.

Chardonnay wa ku Hemel-en-Aarde, kufupi ndi Hermanus, fungo la mgolo wamatabwa womwe anamusungamo linali lidakaphimba chipatso. Ameneyo ndinalemba kuti adikire kaye kosungira. Sauvignon Blanc wa ku Elgin ndinauza abwana kuti tiyambe kugulitsa sabata yomweyo, pamodzi ndi nsomba yowotcha.